Zolembera zakale za inki zimene zinasinthidwa: chenicheni n'chiti?

Anthu ambiri akhala akuona pa intaneti kuti zolembera zakale za inki, monga za Parker ndi Sheaffer, zikugulitsidwa pa mitengo yodabwitsa, ndipo ena akakumbukira kuti pakati pa katundu wa makolo awo panali cholembera chotere, amachifunafuna n'kuchijambula pa foni kuti afunse kwa odziwa. Yankho limene amalandira nthawi zambiri limawasiya atangoti kakasi. Amauzidwa kuti cholemberacho n'chakaledi, dzina lolembedwapo ndi loonadi, koma mtengo wake ndi wotsika chifukwa chinasinthidwa. Kwa mwini wake, amene akudziwa kuti cholemberacho sichinatulukepo pabanja, mawu amenewa amamveka ngati njira yongomudyera masuku pamutu. Nthawi zina zimakhaladi choncho, koma kawirikawiri wogulayo amakhala waona chinthu chimene maso osazolowera sangachione.

Kuno ku Nkhotakota ndi ku Salima nkhaniyi ili ndi gwero lake. Mishoni ya UMCA, ya mpingo wa Anglican, inakhazikika ku Nkhotakota mu 1894, njanji inafika ku Salima mu 1935, ndipo kulikonse kumene kunali sukulu, boma, khoti kapena siteshoni ya sitima kunalinso aphunzitsi ndi makalaliki amene ankadyera cholembera. Ena anabwera nazo zolembera pochokera ku Joni ndi ku Salisbury, kumene lero ndi ku Harare. Kwa anthu amenewa cholembera chinali chida cha ntchito, ndipo chikawonongeka sankadikira kuti chiwalo choyenera chichokere ku England, koma ankaikapo chimene chapezeka. N'chifukwa chake si zachilendo kuti cholembera chopezeka kuno chikhale ndi mbiri ya kusinthidwa, ndipo funso lofunika ndi lakuti chinasinthidwa pati, ndi ndani, komanso ngati wogulitsa akunena zimenezo poyera.

Mmene cholembera cha inki chimagwirira ntchito

Cholembera cha inki chili ndi nibu, imene imakhudza pepala, kachidutswa kakuda kokhala kunsi kwa nibu, kamene amisiri amakatcha feed, pogwirira zala, thunthu losunga inki, ndi chivindikiro chokhala ndi kilipi yopanira pa thumba la malaya. Chinsinsi chonse chili pa feed. Inki singatuluke mwadongosolo pokhapokha mpweya utalowa kukatenga malo ake m'thunthu, choncho kachidutswa kameneka kali ndi tinjira ting'onoting'ono totsitsa inki komanso mpata wokweza mpweya. Lewis Waterman wa ku New York analembetsa luso lake la tinjira timeneti mu 1884, ndipo kuyambira nthawi imeneyo zolembera zinayamba kudalirika.

Zoyambirira zinkathiridwa inki potsegula thunthu ndi kudonthezeramo. Mu 1908 Walter Sheaffer wa ku Fort Madison, Iowa, analembetsa kachitsulo ka m'mbali mwa thunthu kamene ukakakoka kamafinya kathumba ka labala m'kati, ndipo ukakabweza kathumbako kamayamwa inki. Kampani ya Pelikan ya ku Hanover inatulutsa cholembera chake cha pisitoni, imene imakoka inki ngati jekeseni, mu 1929. Kampani ya Parker, imene George Parker anaiyambitsa ku Janesville, Wisconsin, mu 1888, inatulutsa Duofold mu 1921 ndi Parker 51 mu 1941. Kenako kunabwera bolopeni: inagulitsidwa mwachikoka ku New York mu 1945, Bic Cristal inatuluka mu 1950, ndipo pofika m'ma 1960 malonda a zolembera za inki anali atalowa pansi. Makampani ambiri anatseka kapena anasiya kupanga ziwalo za mitundu yakale, kotero kuti mmisiri wa lero amapeza chiwalo chakale pophwasula cholembera china chakale.

Kathumba ka inki: kusintha kumene sikutsutsidwa

Kathumba ka labala sikanapangidwe kuti kakhale mpaka kalekale. Pakapita zaka kamauma n'kusweka, kapena kamasungunuka n'kumata m'kati mwa thunthu, ndipo kutentha ndi chinyezi cha kuno kunyanja, makamaka m'nyumba za malata m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, zimafulumizitsa kuwonongekako. Munthu akagwedeza cholembera chakale pafupi ndi khutu n'kumva tizinthu tikulira m'kati ngati timchenga, adziwe kuti ndi zidutswa za kathumba kameneka. Asayese kukoka kachitsulo ka m'mbali mokakamiza, chifukwa kakakumana ndi labala wouma kamapindika kapena kuthyoka, ndipo chimene chikanakhala chokonzeka mosavuta chimasanduka ntchito yaikulu.

Nkhani ya kathumba ikufanana ndi ya chubu cha njinga. Palibe wakabaza wa pa Salima amene anganene kuti njinga si yeniyeni chifukwa chubu chake si chimene inabwera nacho kusitolo, koma akamva kuti felemu inathyoka n'kuwotcherera, kapena kuti dzina la pa felemupo anachita kumatapo, mtengo umasintha nthawi yomweyo. Osonkhanitsa zolembera amaganizanso chimodzimodzi: kathumba katsopano, kalabala katsopano ka m'kati mwa cholembera cha Parker chotchedwa Vacumatic, kapena chotsekera chatsopano pa pisitoni ya Pelikan sizichotsa mtengo, ndipo nthawi zambiri zimauwonjezera.

Ntchito yake ndi yofuna kuleza mtima. Mmisiri amatenthetsa pang'ono pamene pogwirira pakumana ndi thunthu, pogwiritsa ntchito mpweya wofunda ngati wa makina oumitsira tsitsi, mpaka malowo atafunda moti chala n'kupirirabe. Kandulo kapena mbaula siziloledwa kufika pafupi, chifukwa celluloid, pulasitiki yakale imene zolembera zambiri za m'ma 1920 ndi 1930 zinapangidwa nayo, imayaka mofulumira kwambiri. Akasolola pogwirira, amapala zotsalira za labala wakale, amadula kathumba katsopano pa muyezo wake, amapaka shellac pakamlomo kamene kathumbako kamavalapo, amakaveka, n'kukawaza ufa wa talc kuti kalowe m'thunthu mosakakamira. Shellac, amene amachokera ku tizilombo ta m'mitengo ya ku India ndi Thailand, amasankhidwa chifukwa amafewa pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 60, choncho mmisiri wobwera pambuyo adzatha kumasulanso. Supaguluu samasuka motero, ndipo pa nkhani imeneyi sipamveka mkangano, chifukwa cholembera chomatidwa ndi guluu wotere nthawi zambiri chimasweka pochitsegula.

Pali mtundu umodzi wodabwitsa. Parker 51 ya mtundu wa Aerometric, imene inayamba kutuluka mu 1948, ili ndi kathumba ka pulasitiki kotchedwa Pli-Glass, ndipo timatumba tambiri totere tikugwirabe ntchito mpaka lero. Cholembera chotere chimangofuna kutsukidwa ndi madzi oyera ozizira mobwerezabwereza. Popeza madzi a pa mijigo ina ali ndi mchere, madzi a mvula osefa kapena madzi oyera ogulitsidwa kuti azithiridwa mu batire ya galimoto, osati asidi, ndiwo abwino.

Nibu: pamene mkangano waukulu wagona

Nibu ya cholembera chabwino chakale imakhala ya golide wosakaniza, ndipo pamakhala chizindikiro cha 14K, 14ct kapena 585, kusonyeza kuti pa magawo 1,000 alionse, 585 ndi golide. Cha 18K kapena 750 chimasonyeza golide wochulukirapo. Golide anasankhidwa chifukwa inki yakale inali ndi asidi wodya chitsulo. Koma golide ndi wofewa, choncho kunsonga kwenikweni amawotchererako kambulu ka chitsulo cholimba kwambiri, kamene anthu amangokatcha iridium ngakhale kuti nthawi zambiri kamakhala kosakaniza zitsulo zina monga osmium ndi ruthenium. Kambulu kameneka ndi kamene kamayenda pa pepala, ndipo kakagwa nibu imayamba kukanda.

Nibu imasinthidwa m'njira zosiyana, ndipo n'kulakwa kuziika zonse m'gulu limodzi. Njira yodziwika kwambiri ndi yochotsa nibu yonse n'kuikapo ina. Cholembera chikagwa chopanda chivindikiro chimagwera kunsonga, ndipo kalaliki amene ankalemba malisiti atayalamo kaboni ankadinikiza kwambiri mpaka mano awiri a nibu n'kutanyuka, ngakhale kuti makampani ankapanga manibu olimba a ntchito imeneyo. Okonza zolembera ankasunga manibu opanda dzina la kampani, olembedwa mawu akuti Warranted 14K okha, amene ankalowa m'zolembera zamitundumitundu. Nibu yotere ndi ya golide ndithu ndipo imatha kulemba bwino kuposa yoyamba, komabe cholembera cha Waterman chokhala ndi nibu yopanda dzina la Waterman chimagulidwa motsika. Palinso chifukwa china chimene manibu ambiri anasowera: mu Januwale 1980 mtengo wa golide unafika madola 850 pa aunsi, ndipo panthawi imeneyo zolembera zakale zinalibe ozifuna ambiri, choncho manibu ochuluka anazulidwa n'kukasungunulidwa.

Si mtundu uliwonse umene kusintha nibu kumauchotsera kanthu. Kampani ya Esterbrook ya ku Camden, New Jersey, inapanga dala manibu ochita kupotokola kuti mwini wake azisintha yekha malinga ndi ntchito, ndipo Osmiroid ya ku England, imene inkapanga zolembera za ana asukulu, inachitanso chimodzimodzi. Pa zolembera zimenezi funso lakuti nibu ndi yoyamba kapena ayi lilibe tanthauzo kwenikweni.

Njira ina ndi yosema nibu. Amisiri ena amanola kambulu ka kunsonga kuti kakhale kaphwatalala, kotero kuti mzere wotsika umakhala wonenepa pamene wopingasa ndi wowonda, ndipo zilembo zimaoneka ngati za pa setifiketi. Ena amachepetsa golide m'mapewa mwa nibu kuti izitanyuka mosavuta ikadinikizidwa, potsanzira manibu ofewa a zolembera monga Waterman 52 ndi Swan. Amene amagula cholembera kuti azilembera amayamikira ntchito yotere ndipo amalipira ndalama zowonjezera ikakhala ya mmisiri waluso. Amene amasonkhanitsa zolembera ngati umboni wa mbiri amaona kuti chinthu chatayika, chifukwa chitsulo chosemedwa sichibwerera, ndipo manibu aphwatalala ochokera ku fakitale, amene ndi osowa, amavuta kuwasiyanitsa ndi osemedwa dzulo. Onse awiri ali ndi mfundo, chifukwa akufuna zinthu zosiyana pa cholembera chimodzi.

Pofuna kudziwa zimene zinachitika, odziwa amayang'ana nsongayo pa galasi lokuza zinthu, longa la okonza mawotchi. Nibu yotha ndi ntchito imakhala ndi kamalo kosalala mbali imodzi, kopendekeka monga mmene dzanja la mwini wake linkagwirira, ndipo mbali zina za kambuluko zimakhalabe zobulungira. Nibu yosemedwa ndi mmisiri imakhala ndi m'mphepete mofanana mbali zonse ziwiri. Nibu imene wina anaikwecha pa mwala kapena pa tupa imaoneka ndi timizere, ndipo nthawi zina kambuluko kamakhala katatheratu n'kutsala golide yekha, amene amatha msanga. N'zotheka kuwotchererako kambulu katsopano, koma amisiri odziwa ntchitoyi ndi ochepa kwambiri padziko lonse.

Ziwalo za zolembera zosiyana pa cholembera chimodzi

Cholembera chimene thunthu lake ndi la kwina, chivindikiro cha kwina, kilipi ya kwinanso, osonkhanitsa amachitcha frankenpen. Parker 51 imapezeka motere kawirikawiri, chifukwa zivindikiro zake zimalowana mosavuta pa zolembera za zaka zosiyana, ndipo zilipo zachitsulo, zasiliva ndi zokutidwa golide, zimene mitengo yake imasiyana kutali. Munthu akataya chivindikiro ankatenga cha cholembera chakufa cha mnzake, ndipo panalibe chinyengo chilichonse pamenepo. Chinyengo chimayamba wogulitsa akaika chivindikiro chodula pa thunthu wamba n'kunena kuti zinachokera limodzi ku fakitale.

Pali zizindikiro zothandiza. Pa zolembera za Parker za ku America za m'ma 1940 pamakhala kanambala kakang'ono pa thunthu kosonyeza chaka, ndi timadontho tosonyeza gawo la chakacho: titatu pa miyezi itatu yoyamba, tiwiri pa yotsatira, kamodzi pa yachitatu, ndipo pa yomaliza sipakhala kadontho. Kilipi yokhala ndi kadayamondi kobiriwira ngati thambo ndi ya ma Parker 51 oyambirira, choncho ikapezeka pa thunthu la Aerometric imachititsa wodziwa kufunsa mafunso. Kulinso zolembera za Hero 616 za ku Shanghai, zimene zinatsanzira maonekedwe a Parker 51 ndipo zinagulitsidwa motchipa m'mayiko ambiri. Munthu wosazolowera akhoza kuzisokoneza, makamaka ngati wina wavekapo chivindikiro cha Parker. Komabe zizindikirozi si chigamulo chomaliza, popeza mafakitale enieniwo ankamaliza kaye ziwalo zotsala posintha mtundu, ndipo zolembera zina zinatuluka zili zosakaniza kuyambira tsiku loyamba.

Kusintha kwina kobisika kuli pa mlomo wa chivindikiro. Mlomowo ukang'ambika, okonza ena amadulako pang'ono kuti mng'aluwo usaoneke, ndipo zimadziwika poyerekeza ndi chinzake cha mtundu womwewo, chifukwa mpata wa pakati pa mlomo ndi mkombero wachitsulo umakhala wafupika.

Mtundu, kunyezimira ndi dzina lozokotedwa

Zolembera zisanayambe kupangidwa ndi celluloid, imene Sheaffer anayamba kuigwiritsa ntchito mu 1924 ndipo Parker mu 1926, zinkapangidwa ndi ebonite, labala wolimbitsidwa ndi sufule. Ebonite wakuda akaombedwa ndi dzuwa kwa nthawi yaitali amasanduka wotuwa kapena wofiirira, ndipo kumuviika m'madzi kumaonetsa kutuwako msanga. Amadziwika ndi fungo: ukamutikita ndi chala mpaka atafunda amanunkha ngati tayala lopsa, pamene celluloid nthawi zina imamveka kafungo ka camphor. Okonza ena amabwezera kuda kwake pomupaka mankhwala kapena popala khungu lapamwamba. Otsutsa amanena kuti kupala kumafufuta zilembo ndi timaluwa ta pa thunthu, komanso kuti cholembera chodetsedwa chimagulitsidwa ngati chosungidwa bwino pamene sichili choncho. Ovomereza amayankha kuti fakitale inachitulutsa chakuda, choncho kuchibwezera kuda n'kuchibwezera mmene chinalili.

Celluloid nayo ili ndi vuto lake. Mpweya wotuluka m'kathumba ka labala kamene kakuwonongeka umasintha mtundu wa thunthu kuchokera m'kati, moti zolembera zambiri zobiriwira za Sheaffer zili ndi chivindikiro chowala koma thunthu lofiirira, ndipo mtunduwo subwerera. Pachifukwa chimenechi okonza ena amaika kathumba ka silicone, chinthu chofewa chonga labala, m'zolembera za mtundu wosalimba. Sipiriti ndi mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo zimawononga celluloid, ndipo mankhwala opukutira mkuwa monga Brasso amachotsa golide wokutira kilipi ndi mikombero, amene ndi wopyapyala kwambiri. Inki yojambulira yotchedwa India ink ili ndi zomata zimene zimauma m'tinjira ta feed, ndipo siyenera kuthiridwa m'cholembera cha mtundu umenewu.

Dzina la mwini wake lozokotedwa pa thunthu ndi kusintha kwa mtundu wina, kumene kunali kofala pa zolembera zoperekedwa ngati mphatso kwa wopuma pa ntchito kapena wokhoza mayeso. Pamsika wa osonkhanitsa dzina lotere kawirikawiri limatsitsa mtengo, pokhapokha likhale la munthu wotchuka, ndipo ogulitsa ena amalipala, n'kusiya kamalo kolowa m'kati kamene chala chimakamva ngakhale diso lisakaone. Kwa banja la mphunzitsi wa ku Linga kapena kalaliki wa ku Chipoka, dzinalo ndilo umboni wokha wolumikiza cholemberacho ndi munthu wake, choncho chimene msika ukuchiyesa chilema n'chimene banja likuchisungira.

Mafunso amene sanayankhidwe

Osamala zinthu zakale ali ndi mfundo zimene okonza zolembera ena amabwereka. Chikalata cha Venice Charter cha mu 1964, chimene chimanena za nyumba ndi zipilala zakale, chimati chiwalo choikidwa m'malo mwa chimene chinasowa chizigwirizana ndi chinthu chonsecho, koma chizitha kusiyanitsidwa ndi choyambirira kuti kukonzako kusanamize mbiri. Pa nyumba mfundoyi ndi yomveka. Pa cholembera chopangidwa m'fakitale, chimene anzake ofanana nacho alipo ochuluka, anthu sagwirizana ngati chivindikiro choyenera cha chaka chomwecho, chochotsedwa pa cholembera china, chiyenera kuonedwa ngati chiwalo chachilendo, popeza ngakhale wogwira ntchito m'fakitalemo ankangotola chilichonse m'bokosi.

Sagwirizananso pa zaka zimene kukonza kumafunika kukwanitsa kuti kuyambe kuwerengedwa ngati mbiri. Nibu ya Warranted yoikidwa m'ma 1950 ndi wokonza mawotchi yakhala pa cholembera zaka zambiri kuposa nibu imene inachokera ku fakitale. Wina amaichotsa n'kufunafuna ya dzina loyenera, wina amaisiya ponena kuti ndi imene mwini wake analembera makalata ake onse. Funso la silicone nalo lidakali pomwepo, chifukwa ngakhale amateteza mtundu wa celluloid, amalola mpweya kudutsa ndipo cholembera chikagonekedwa chimatha kudontha, zimene zimachititsa okonza ena kukhalabe pa labala.

Chovuta kwambiri ndi kusunga chilungamo cholembera chikadutsa m'manja ambiri. Pafupifupi onse amavomereza kuti wogulitsa ayenera kunena zonse zimene zinasinthidwa, ndipo okonza ena amapereka kapepala kofotokoza ntchito imene agwira. Koma kapepala kamatayika, wogula wachiwiri amaiwala, ndipo wachitatu amagulitsa ndi mtima woona cholembera chodetsedwa kapena nibu yosemedwa ngati za ku fakitale. Ena amaganiza kuti mmisiri aziika kachizindikiro kobisika m'kati mwa thunthu kapena kunsi kwa nibu, pamene ena amati kachizindikiro koteroko nakonso n'kusintha cholembera, ndipo mpaka pano palibe njira imodzi imene okonza ndi osonkhanitsa onse anagwirizana kuti aziitsatira.